Kasingano ka Gumbagumba ya Apongozi

Mpaka lero ndikangomva fungo la supagulu mtima umayamba kuthamanga, ndiye musaseke msanga, yambani mwamva mmene zinayendera.

Ine ndili pachitengwa. Kwathu kuno ku Domasi mwamuna ndi amene amatsatira mkazi, koma abambo a Yankho anakandipempha kwa amalume kuti ndidzakhale kwawo ku Malemia, ndizisamalira bambo awo poti amayi anamwalira. Amuna angawo amalondera sitolo ku Limbe, amabwera mwezi ukatha. Ndiye pakhomo timakhala ine, mwana wanga Yankho amene wangodziwa kumene kuthamanga, apongozi m'nyumba yawo yamalata, ndi alamu anga a Felisita kuseri kwa nthochi, amene saphonya kanthu (mchere ukachepa m'ndiwo zanga amadziwa ali kwawo). Kuyambira tsiku lomwe ndinafika iwo amangodikira kuti ndilakwe chachikulu, ankhoswe aitanidwe, ndinyamule mtolo wanga.

Mudziwenso kuti apongozi aamuna sitilankhulana nawo maso ndi maso. Tikakumana panjira ndimapatukira m'chimanga. Akafuna madzi osamba amafunsa Yankho, ine ndili pomwepo, "Achimwene, madzi aja atentha?" ine n'kuthamangira kumoto. Timakhala choncho ndipo zimayenda.

Tsono apongozi ali ndi gumbagumba, ija yoimba mbale zakuda zikuluzikulu. Anaigula yogwiritsidwa kale ntchito kwa bambo wina wochokera ku Joni, pamodzi ndi mbale zake zamakwaya. Imakhala pakabati, yovindikira ndi nsalu yoluka, ndipo imalira Lamulungu lokha tikabwera kutchalitchi, pa batire ya sola. Ili ndi kamkono kamene amakanyamula pakampando kake n'kukatsitsira pambale, ndipo kunsonga kwa kamkonoko kuli kasingano kakang'ono ngati njere ya mpunga, kokhala m'kapulasitiki kofiira. Posesa ine ndimaizungulira patali ngati chitsa cha mavu.

Lachinayi lina apongozi anapita kumaliro ku Malosa, anati abwera Loweruka. Ine ndikutsuka miphika kuseri ndinangozindikira kuti pakhomo pali zii. Amayi anzanga mukudziwa, mwana akakhala chete ndiye kuti ali pantchito. Kuthamangira m'nyumba, ndinamupeza wakwera pampando, nsalu yoluka ili kumutu ngati duku, kamkono kali m'manja, kasingano palibe.

Ndinati wameza. Ndinamulowetsa chala m'kamwa, kumuzondotsa, kumumenya pamsana, iye akulira ine ndikulira, kenako ndikuona kapulasitiki kofiira kamatirira padzanja lake lamango, kasingano katapindika ngati mbedza. Ndinathokoza Mulungu kamphindi kochepa chabe, chifukwa pomwepo ndinakumbukira mwini wake.

Munthu wanzeru akanadikira Loweruka n'kunena. Koma ndinene bwanji? Ndiuze Yankho kuti auze agogo ake kuti iye yemweyo wathyola? Ndipite kwa alamu, amene akanavala chitenje chatsopano pokalengeza mudzi wonse? Ndinaganiza zogula kena mwakachetechete.

M'mawa mwake ndinagwira nkhuku yanga ya mawanga, yomwe amayi anandipatsa pobwera kuno, ndinaikulunga pansalu, Yankho kumsana. Alamu anali kale pampanda.

"Make Yankho, ulendo wa kuti mamawa ano?"

"Kusikelo, alamu."

"Sikelo ija si Lachiwiri?"

"Asintha."

"Nkhukuyonso akukaiyeza?"

Ndinangoseka ngati nthabwala yandikomera. Nkhuku ndinagulitsa kumsewu kwa mayi wina wophika zakudya, ndinakwera minibasi ya ku Zomba, njira yonse ndikuyang'ana pawindo kuopa wina wakumpingo.

Pafupi ndi msika ndinafunsafunsa mpaka anandilozera bambo wina wokonza mawailesi, benchi lake lodzaza mawaya ndi masipika ong'ambika. Ndinamasula mfundo ya chitenje, ndinamuonetsa.

"Eee, mayi, zimenezi zilipobe kumudzi? Gumbagumba yake ndi ya mtundu wanji?"

"Yabulawuni."

"Dzina lake, mayi. Zolemba pamaso pake."

"Zolembazo zinafufutika. Koma ili ndi chivindikiro chagalasi."

Anandiyang'ana, anayang'ana Yankho, kenako anatulutsa chitini cha mabisiketi pansi pa benchi. Anati pali kena kenikeni kochokera kunja, koma atatchula mtengo ndinadziwa kuti nkhuku ija ikanafunika kubwera ndi abale ake onse. Ndiye anaika padzanja tiwiri totchipa, kakuda ndi kofiira.

"Tengani kakudaka. Kamalowa m'makina ambiri."

"Ndikufuna kofiira."

"Kofiirako n'kamakina ena, onani kumbuyoku, sikofanana ndi kanuka."

"Koma n'kofiira."

"Mayi, singano sitisankha ngati chitenje."

Iye samawadziwa apongozi anga. Munthu amene amaona kuti mpando wasuntha chala chimodzi angalephere kuona kuti chofiira chasanduka chakuda? Ndinaumirira. Anandikulungira m'kapepala akupukusa mutu.

"Kakakana musakakamize. Mubwere nayo gumbagumba yonse ndidzaone."

Ndinati chabwino (ndikudziona ndikudutsa pampanda wa alamu nditasenza gumbagumba ya bambo awo, ndikuti ndikupita nayo kusikelo).

Kufika kunyumba ndinagoneka Yankho, ndinatseka chitseko, ndinayesa. Sikanakane kulowa ayi, kanalowa bwinobwino, vuto n'loti kankatulukanso bwinobwino. Ndikakasiya, pansi. Ndinakamanga ndi ulusi, ulusi unkaonekera. Ndinatafuna chingamu n'kumatapo, chingamu chinatambasuka, kasingano n'kumalendewera ngati kangaude. Apa m'pamene ndinathamangira pa okala kukagula supagulu.

Ndimafuna kadontho kamodzi. Koma dzanja la munthu wamantha silidziwa kadontho. Nditafinya, Yankho atadzuka kale akundiyang'anitsitsa, zinatuluka zambiri, zinatsetsereka ndi kamkono, ndipo nthawi yomweyo panja ndikumva, "Odi, make Yankho! Mwatseka masana ano, mukudwala?" Ndinagoneka kamkono pakampando kake msangamsanga, chivindikiro, nsalu, ndinatuluka zala ziwiri zitamatirirana, ndikuzibisa m'chitenje.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinayese kuimba kaye. Ndiyese bwanji? Mudzi wonse umadziwa kuti gumbagumba ija imalira Lamulungu. Ikanangoti kwee Lachisanu, mwini wake ali kumaliro, ngakhale agalu akanabwera kudzafunsa. Ndinangosuzumira pansi pa nsalu madzulo, ndinaona kofiira kali m'malo mwake nganganga, ndinati Ambuye ndinu wabwino.

Lamulungu apongozi anabwera kutchalitchi ndi akulu a mpingo awiri. Anatulutsa tebulo pakhonde, anaikapo gumbagumba, alamu nawonso anabwera ndi mphasa yawo. Ine ndinakhala pakhomo la khitchini ndi lichero, ndikusankha mpunga umene ndinali nditasankha kale, diso limodzi kukhonde. Apongozi anapukuta mbale ndi mpango, analumikiza batire, mbale inayamba kuzungulira. Anagwira kamkono ndi zala ziwiri, mwaulemu monga amachitira.

Sikanadzuke.

Anapukuta zala pathalauza, anagwiranso. Ayi. Mkulu wa mpingo mmodzi anati mwina ndi dzimbiri la mvula. Winayo anati mwina pali kobanira, ayang'ane pansi. Apongozi anavala magalasi, anayang'ana pansi, anakoka ndi dzanja lonse, gumbagumba yonse inadzuka patebulo kutsatira dzanja lawo. Anaikhazika. Mkulu uja anati, "Ndigwire kunoku, inu kokani." Ine ndinafuna kukuwa kuti musatero, koma ndikuwire ndani, apongozi?

Thyoo!

Kamkono kanatsala m'manja mwawo pamodzi ndi kampando kake, timawaya tikulendewera ngati matumbo a nkhuku. Mbale inkangozungulira yokha. Apongozi anakweza kamkono kaja kumphuno, ananunkhiza, anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anaitana Yankho amene ankaseweretsa chitsononkho pabwalo.

"Achimwene, tabwerani. Fungo ili mukulidziwa?"

Mwana amene sanena ngakhale dzina lake bwinobwino analoza kukhitchini ndi chitsononkho chija. "Mama pakapaka!"

"Ehee," anatero alamu, akuwongola miyendo pamphasa. "Sikelo ija ndi imeneyi."

Ndinasiya lichero, ndinakagwada chapatali kumapeto kwa khonde, nkhope nditalozetsa kunthochi.

"Yankho, uwauze agogo kuti kasingano unathyola ndiwe Lachinayi. Uwauze kuti amako anaopa, anakagula kena ku Zomba, kanali kokhwepa, anamata."

Yankho anali atabwerera kale kuchitsononkho chake.

"Bambo, apa aitanidwe ankhoswe basi," anatero alamu. "Lero ndi gumbagumba, mawa adzamata chitseko inu muli m'kati."

Ndinkaona kale mtolo wanga pamutu, njira ya kwathu, amalume atakhala pansi pa mtengo akundifunsa kuti nkhuku ija ili kuti. Apongozi anadzuka. Analowa m'nyumba, tinamva dilowa ya kabati ikutseguka, anatuluka ndi kabokosi kamachesi. Anamugwira Yankho, anakagwedeza pakhutu pake, tseketseke, n'kukatsegula. Ndinaba diso. Munali timasingano tofiira, tatsopano, tambirimbiri.

"Achimwene, muwauze amayi anu kuti wondigulitsa uja anandipatsa timeneti. Kasingano kamatha ngati sopo, ndimasintha ndekha, ngakhale tiyi sazizira. Muwauzenso kuti mkono ndiye sanandipatse wapadera."

"Nanga ankhoswe, bambo?" Alamu sanafune kuti nkhani ife.

"Ankhoswe amakonza gumbagumba?" Anatseka kabokosi. "Achimwene, alendo akudikira tiyi."

Sindinathamangepo chonchija chibadwire. Tiyi ndinathira shuga kawiri.

Nditabweretsa makapu, apongozi anachotsa batire, anabwezera mbale m'chikwama chake, anakhosomola, n'kunena kuti Lamulungu silingadutse popanda nyimbo. Anayamba kuimba okha. Inu, anthu ena Mulungu anawapatsa zina. Apongozi anga ndi munthu wachilungamo, wodziwa kulima mpunga, koma mawu awo ali ngati macheka pamtengo wouma, ndipo nyimbo za pambale zonse zija amazidziwa pamtima, mbali zonse ziwiri. Akulu a mpingo anamwa tiyi wotentha mothamanga n'kukumbukira kuti ali ndi wodwala woti akamuone.

Abambo a Yankho atabwera anaitengera gumbagumba kwa bambo wa mawailesi uja, amene akuti atangoona kofiira kaja anafunsa kuti, "Mayi aja ali bwanji?" Anati mkono wotere ayitanitsa kwa mnzake wa ku Joni, ufika. Mvula yagwa, yatha, sunafike.

Ndiye ankhoswe sanabwere, ndidakali pano. Ndinaphunzirapo kuti chinthu cha apongozi chikathyoka uzinena chidakali chaching'ono, ngakhale ponenapo pakhale pa mwana wosadziwa kulankhula. Koma Lamulungu lililonse tikangomaliza kudya, apongozi amatulutsa mpando pakhonde, amakhosomola, alamu amatenga khasu n'kupita kudimba (Lamulungu, munthu wa Mvano!), ndipo ine ndikangoti ndinyamule ndowa ndizembere kumjigo ndimamva kumbuyo kwanga:

"Achimwene, muwauze amayi anu akhale pansi. Tiyambira mbale yoyamba."