Kadyamsonga Akatembenuka

Usiku watha ndinalota zoti mpaka pano zikundiopsa. A Dolika, siyani kaye kusankha nyembazo. Inunso mayi a Tiyese musayambe kuseka, ndinu munandiputira zonsezi ndi nkhani yanu ija yoti kukubwera komiti yokongoletsa doko.

Ndiyambe ndi a Dolika, poti kuno munabwera mochedwa. Chikireni chadzimbiri chija cha kudoko lakale, chimene timati Kadyamsonga, chinkanyamula zitsulo nthawi imene kuno ankamanga sitima. Bambo anga ankawotcherera sitimazo. Atamwalira anaikidwa kumanda a alendo kuseri kwa mpanda, ndiye madzi osefukira anadzasalaza mitumbira yonse. Tsiku lotseka doko, malemu Che Ndembo, mnzawo wa bambo amene ankayendetsa kireniyo, anadutsitsa mkono wa chikirenicho pamwamba pa mpanda, chimbedza n'kulendewera penipeni pamene pali bambo, n'kuzimitsa injini. Ukafuna bambo anga umangoima pansi pa chimbedzacho. Ndi pomwepo tikamange chiliza Loweruka.

Ndiye kutuloko ndasenza thumba la simenti, dzuwa lili paliwombo koma ine ndilibe chithunzithunzi. Ndikumva thumba lija likuti, "Fulumirani mayi, ndayamba kuuma." Ndati, "Khala chete iwe, anakunyowetsa ndani?" Lati, "Thukuta lanu lomweli."

Mwadzidzidzi njira yasanduka lata lotentha, mapatapata anga amata pomwepo, akuti, "Ife tathera pano, pitani nokha." Ndiye ndafika pageti wopanda nsapato. Mlonda palibe, pali loko yekha, wandiyang'ana ndi kabowo kake kaja n'kundifunsa, "Mwabwera kudzaona zakale, kapena zakalezo ndinu?" Ndisanamutukwane watseguka yekha.

Mkatimo muli sitima zosamaliza kumanga, zagona chammbali, nthiti zili pamtunda ngati ng'ombe za chaka cha chilala. Ndipo zikupuma, amayi inu! Ndikudutsa pakati pake, mpweya wake wofunda ukundiwomba m'miyendo. Ina yandinong'oneza, "Mwana wa a Kanjedza, bambo ako anandisiya ndi bowo pamimba, adzatseka liti?" Ine n'kungopitirira.

Ndiye ndamva mawu ochokera kumwamba, okhuthala ngati munthu akuyankhulira mu mgolo.

"Filesi, wafika? Mkono wanga watopa. Ndakhala ndikuloza bambo ako kuyambira uli wamamina."

Ndi Kadyamsonga. Ndagwada, thumba lili pamutu, ndati, "Pirirani agogo, kwangotsala Loweruka."

Akuti, "Loweruka analichotsa. Funsa awo."

Mwadzidzidzi yatulukira galimoto yopanda matayala, yanyamulidwa ndi linthumbu. Atsika anthu a komiti, masuti ali pha, aliyense ndi chitini cha penti. Wapampando wayang'ana kumwamba, wapukusa mutu, akuti, "Chitsulo ichi ndi mbiri yathu, anzanga. Koma chafulatira msewu. Alendo azijambula kumbuyo kwake? Chitembenuzidwe!" Akuyankhula choncho kamwa ikutalika, mano akuchuluka, mpaka yatsala ng'ona yovala tayi. Mayi amene anali pambali pawo ayamba kuyenda chammbali, manja asanduka zopanira, ndi nkhanu basi. Wina wowonda wakuwa kuti "Zoona bwana!" n'kuulukira pampanda ali khwangwala, kolala yoyera ili pomwepo.

Ine mantha, koma ndalimba mtima. Ndati, "Pepani bwana, pansi pa chimbedzacho pali bambo anga."

Ng'ona yati, "Analipira pageti?"

"Anamwalira kalekale, bwana."

"Ndiye kuti ndi akale? Ngati ndi akale, abweretseni tiwapake penti."

Khwangwala uja, "Tiwapake! Tiwapake!"

Ndiye nkhanu ija yakwera mwendo wa Kadyamsonga ndi ndowa ya girisi, ikupaka m'magiya, ikuyimba nyimbo ya kwaya. Ndikuyang'ana m'kanyumba ka dalaivala kumwamba kuja, muli Che Ndembo ndi kapusi kawo koyera, agwira chitsulo chowongolera ndi manja awiri. Ndakuwa, "Che Ndembo, musalole!" Akuti, "Ndagwira, mwanangu, koma manjawa ndi dzimbiri lokhalokha." Ndipo zoonadi zala zawo zikuyoyoka, zikundigwera kumaso ngati gaga.

Mwadzidzidzi ndili kuseri kwa mpanda, pansi pa chimbedza. Nthaka yonse yasalala ngati pozira, popanda udzu, popanda mwala. Ndati nditule thumba pano likhale chizindikiro. Thumba lakana, lauma, lamatirira kumutu. "Ndinakuuzani mayi," likutero. Ndavula mpango kuti ndiuyale, mpango wasanduka mlamba n'kuterereka. Ndayesa kukanda pansi ndi chala chakuphazi, mzere ukungodzitseka wokha.

Pamenepo ndiye yayamba. Kwiii. Kwiii.

Kadyamsonga akutembenuka, akulira ngati nkhumba yomangidwa panjinga, akuti, "Sindine, Filesi, akundipotokola!" Sitima zija zayamba kubuula. Pansi panthaka anthu akutsokomola, onse chifuwa chimodzimodzi, chija cha utsi wowotcherera chimene bambo ankatsokomola m'mawa. Uyu akuti "Ndili pano," uyo akuti "Ndili pano." Pakati pawo ndamva bambo enieni, "Filesi, usakamange pa mwana wa eni ake."

Ndiye mukudziwa chimene ndinachita? Ha, uchitsiru wake! Moyo wanga wonse ndinazolowera kuti bambo ali pansi pa chimbedza. Chimbedza chikusuntha, ine maso kumwamba, n'kumachitsatira. Chikuthamanga, ine n'kumathamanga, kuti ndisawataye bambo. Ndadumpha mpanda, ndaponda zitsulo, mapazi akuchucha magazi, maso osachotsa kumwamba. Chaima, inenso ndaima, ndikupuma wefuwefu, ndati ndawapeza.

Kuyang'ana pansi, ndi phula. Ndili pakati pa msewu.

Ng'ona ikuwomba m'manja ndi timanja take tija. Alendo atsika m'basi, alibe nkhope, ali ndi mafoni okhaokha, akundijambula ndi thumba langa pamutu. Nkhanu yayamba kundipaka penti wobiriwira kuyambira kumapazi, wozizira, akukwera, wafika m'mawondo, miyendo yauma gwa. Ndatembenuza khosi kuyang'ana kumene ndachokera. Kulibe mpanda, kulibe manda, ndi chigwa chosalala mpaka kumapiri. Ndiye kutali, motsitsa ngati wailesi yotha mabatire, ndikumva bambo.

"Unaima pabwinobwino, mwana wanga. Wachokeranji?"

Ndinalira, a Dolika. Ndinalira ngati amwalira lero. Ndikufuna kukuwa kuti ndikubwera, penti wafika pakamwa. Kumwamba Kadyamsonga akupitirizabe, kwiii, kwiii, kwiii.

Ndadzidzimuka kutacha, pilo atanyowa. Kwiii, kwiii, kuseri kwa nyumba. Ndati zikomo Ambuye, ndi wilibala chabe yosowa mafuta. Ndiye ndasuzumira pawindo. Ndi bambo wina wa ovolosi, akukankhira wilibalayo njira ya kudoko. Mwadzaza zitini za penti, pamwamba pake pali ndowa ya girisi.

Penti ndamva, ndi wopaka. Nanga girisiyo ndi wa chiyani, mayi a Tiyese? Mwasiya kuseka tsopano. Dzukani nonse, wina atenge khasu, wina anyamule mwala waukulu umene angathe. Zodikira Loweruka ine ayi.