Ndinalira Ankhazi Ali Moyo

Mukadzafika kwathu ku Magodi n'kumva ana akukuwa kuti "a Katani abwela!", musadzayese kuti kwabwera wogulitsa nsalu. Amanena ine. Dzinali sindinabadwe nalo, ndinachita kudzipezera ndekha, dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa anthu a midzi yonse yozungulira sukulu ya kwathu.

Ine ndine telala, makina anga ali pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa Lundazi. Bambo anga ali ndi mlongo wawo wamkulu, a NyaZimba, amene ife timawaitana kuti ankhazi monga mwa Chitumbuka. Ankhazi anathawa kumudzi ali mtsikana atakana mwamuna amene anali atapereka kale ng'ombe (agogo anamwalira akudandaulabe za kubweza ng'ombezo), n'kukatulukira ku Lusaka. Kumeneko anayamba ndi kusita zovala za ochita masewero, kenako ankawatuma kulowa pasiteji ndi thireyi ya tiyi n'kutuluka osanena kanthu. Pang'onopang'ono anawapatsa mawu, mpaka anthu ankalipira pakhomo kuti akaone iwowo. Analowanso m'mafilimu akale aja akuda ndi oyera, amene ankabwera pagalimoto n'kuonetsedwa pansalu. Tsoka lake galimotoyo inkathera kuboma, kwathu sinkafika.

Atakalamba anabwerera kumudzi ndi sutikesi ya mawigi ndi chithunzi chimodzi, chimene chiswe chinadya nkhope n'kusiya nsapato. Ndiye ndani akanawakhulupirira? Mnzawo wa paubwana, a NyaMvula, ankauza aliyense pachitsime kuti, "Filimu yotani? Anali kutsuka chabe mbale za azungu." Mawu amenewa ankawapweteka ankhazi kuposa nyamakazi. Chimene ankalakalaka chinali chimodzi, choti asanafe anthu akwawo awaone akusewera, awaombere m'manja.

A hedi a sukulu ya kwathu atawapatsa mpata woti asewere pa tsiku lotsekera sukulu, ankhazi anatulukira pamakina panga.

"Iwe, unisokele katani. Siteji yopanda katani ni khonde chabe."

Ndinalumikiza zidutswa za zitenje, zamaluwa, zankhanga, zamawotchi (mayi amene diresi lake linafupika mwezi umenewo andikhululukire), ndipo inatuluka katani yaikulu yoti ndinkainyadira. Tsikulo ndinaikoloweka pawaya pakati pa mitengo iwiri ya bulugamu, n'kumangirira chingwe chokokera.

"Nikasiliza utseke," anatero ankhazi.

"Nizadziwa bwanji kuti mwasiliza?"

"Uzadziwa. Olo mbuzi ingadziwe."

Ndinali nditapempha kuti ndiwaonere akuyeserera, koma anakana, amvekere nkhuku siikira dzira pagulu. Choncho za mathero a sewerolo sindinkadziwa kalikonse.

Ndinatsegula katani. Ankhazi anatulukira atavala diresi lalitali lakuda ndi wigi yoyera, akusewera mayi amene mwana wake anapita kumigodi osabwerera. Ankalankhula ndi mpando wopanda munthu, koma inu mukanalumbira kuti pakhala mnyamata. Mawu awo anasintha, msana unawongoka. Ogulitsa zitumbuwa anasiya kuitanira malonda, ndipo a NyaMvula anaiwala nzimbe kukamwa. Kenako mayi wa m'sewero uja anamva kuti mwana wake anafera mumgodi. Anagwira pachifuwa, anayang'ana kumwamba, n'kugwa.

Tsono ine ndinazolowera masewero a achinyamata akutchalitchi, amene munthu asanagwe amayamba wacheuka kuona ngati pali mwala, ndipo akafa amapitiriza kukanda mwendo. Ankhazi anagwa ngati thumba la mtedza lopulumuka panjinga, khu! Wigi inagubudukira uko. Diso limodzi linatsala lotseguka pang'ono. Ntchentche inatera pamlomo pawo, inayendayenda, inapukuta manja ake, popanda woipirikitsa.

Chingwe chinali m'manja mwangamu. Mbuzi ikanadziwa, koma ine ndinakumbukira kuti ankhazi amadwala kuthamanga kwa magazi, komanso kuti m'mawa umenewo anakana phala. Ndinataya chingwe n'kulumphira pasiteji.

"Ankhazi! Ankhazi, ukani!"

Zii. Ndinawagwedeza, mutu unangoti lende. Ndinaika khutu pachifuwa, koma ndinkangomva mtima wanga womwe ukugunda m'makutu. Ndinalanda ndowa ya madzi akumwa a alendo n'kuwakhuthulira yonse kumaso. Zii. Apo ndinaimirira, manja kumutu, n'kukuwa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo.

"Mayo ine! Ankhazi atisiya!"

Oyamba kuyankha anali a NyaMvula. Anadzigwetsa pansi n'kumagubuduka m'fumbi, akulira mnzawo wa paubwana, ndipo amayi onse anawatsatira. A hedi anayesa kunena kuti tisafulumire kulira, tiyambe tapita nawo kuchipatala. Munthu wina, a Mtonga, anali atabwera ndi ngolo ya ng'ombe, ndiye tinawanyamula ankhazi n'kuwagoneka mmenemo. Ine ndinaimbira bambo, amene anatsala kunyumba ndi mwendo wotupa. Ndinaimbiranso mwana wa ankhazi ku Lusaka, n'kungoti, "Bwelani, kuno zavuta." Mawu amenewa aliyense amadziwa tanthauzo lake.

Ngolo inanyamuka, khamu lili pambuyo likuimba nyimbo za maliro. Msewu wa kwathu mukuudziwa. Pa dzenje lililonse ankhazi ankanyamuka n'kubwerera pansi, osati n'kamodzi komwe kunena kuti mayo. A NyaMvula anandiyandikira, misozi ili chuchuchu, n'kundinong'oneza kuti, "Nanga sutikesi ija ya mawigi azatenga ndani?"

Titayenda kamtunda, a Mtonga anaimitsa ng'ombe.

"Amwene, malilo sayenda poyela. Fundikani."

Chitenje cha munthu mmodzi sichikanakwana. Ndinathamanga kubwerera kusukulu, ndinathothola katani yanga pawaya, n'kubwera nayo wefuwefu. Ndinayamba kuwafunditsa kumapazi, ndikulira, ndikukwera nayo pang'onopang'ono mpaka inaphimba nkhope.

Katani inayetsemula.

Nyimbo inaduka pakati. Nsalu inayamba kutukuka, ndipo ankhazi anatulukamo, anaimirira bwinobwino pangolo, anagwira diresi lonyowalo mbali zonse, n'kuweramira anthu mwaulemu.

Abale, anthu ali ndi liwiro limene amasungira tsiku lapadera. A Mtonga anasiya ng'ombe zawo n'kulowa m'munda wa fodya. A hedi anataya jekete. A NyaMvula, amene amayendera ndodo, anapitirira ana a sukulu. Ine ndinangokhala pansi pamsewu (za buluku langa tisalembe).

"Iwe chitsilu," anatero ankhazi, "unali kuti na katani? Wakufa pasiteji sauka katani ikalibe kutsekedwa! Madzi wanithila m'mphuno, nyelele zanidya kumsana, ngolo yanithyola nthiti, ine nili phee kulindila iwe."

"Koma ankhazi, olo kunitsinzinila diso chabe?"

"Nafa pasiteji zaka na zaka, sininatsinzinilepo munthu. Niyambe lelo chifukwa cha telala?"

Pofika kunyumba tinapeza mipando itatulutsidwa kale, azibambo atakhala pansi pa mtengo, nkhuni zitaunjikidwa. Bambo ataona mlongo wawo akulowa pabwalo wigi ili m'manja, anayang'ana iwo, anayang'ana ine, ndipo sanandilankhule mpaka chimanga chinacha. Mwana wa ankhazi anali atakwera kale basi, moti anafika m'mawa mwake maso ali otupa n'kupeza amake akusenda mtedza. Ndinayenda khomo ndi khomo kupepesa, ndipo pakhomo lililonse ankandiuza kuti ndifotokozenso kuyambira pachiyambi.

Zonsezi ndikanapirira. Chimene chinandiswa mtima n'choti palibe anakhulupirira kuti linali sewero. Mbiri inawanda yoti a NyaZimba anafadi, katani ndi imene inawadzutsa. Amayi ambiri anayamba kubwera pamakina panga kudzapempha kachidutswa kake koti akafunditse odwala. Abusa a mpingo wina anatumiza uthenga woti ankhazi akachitire umboni za zimene anaona kumwamba. A NyaMvula nawo anabwerera pachitsime ndi mphamvu zatsopano. "Sewelo lotani? Ine ninamugwila na manja anga, anali wozizila!" Inde anali ozizira, si ndinawathira ndowa yonse ine?

Patapita masiku ankhazi anabwera kumsika, anakhala pabenchi la makasitomala. Sananditukwane, ndipo zimenezi zinandiopsa kuposa kutukwana. Anayang'ana singano ikukwera ndi kutsika.

"Palibe olo mmodzi anaomba m'manja, mwana wane," anatero.

Manyazi ndi chisoni zinandigwira. Mphindi imene anaidikira moyo wawo wonse ndinaisandutsa maliro ndine. Ndinachotsa phazi pamakina, ndinaimirira, n'kuyamba kuomba m'manja. Ndinaomba ndekhandekha, mwamphamvu, ogulitsa tomato akundiyang'ana ngati ndapenga. Ankhazi anadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo, anakonza duku, n'kuwerama kawiri. Misozi inatsika patsaya lawo. Kaya inali yeniyeni kaya ya pasiteji, sindinafunse.

A hedi avomera kuti ankhazi adzabwereze sewerolo teremu ikubwerayi, ndipo chingwe apatsanso ine. Ulendo uno andifotokozera zonse, akagwa ndikoke basi, ndisaganize. Ndavomera ndi mtima wonse. Koma ndimadzidziwa ine. Munthu wa msinkhu wawo akadzagwa khu n'kukhala zii, ndidzatayanso chingwecho n'kuthamanga. Kuli bwino Magodi yense andisekenso, kusiyana n'kuti ndidzawatsekere katani ankhazi anga tsiku limene akupitadi.