Tsiku Limene Ambokile Sananyowe

Ena akapita ku mpikisano wosambira amabwerako ndi chikho, ena amabwerako ndi chimfine. Ife tinabwerako ndi munthu mmodzi wouma gwa, kuyambira kumutu mpaka kuzala zakuphazi, ndipo amene anamuumitsa ndine.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzira ukalipentala pa koleji ina ya ntchito zamanja kuno ku Karonga (dzina lake ndisalitchule, aphunzitsi ena akadali pomwepo ndipo ali ndi ana oti awalemekeze). Gulu lathu losambira linali la anthu anayi. Panali Yusufu, mwana wa a shopu ochokera ku Mangochi, yemwe ankasambira ngati akuthawa wina. Panali Tuntufye, wamphamvu koma wosadziwa kulunjika. Panali ine. Ndiye panali Ambokile, mwana wa msodzi wa ku Mwenilondo, amene madzi ankamupatukira okha. Atatufe tinalipo kuti Ambokile akhale ndi gulu, ndipo tinkadziwa.

Wotiyang'anira anali a Msukwa, mphunzitsi wa zamipope, omwe ankati chilichonse chokhudza madzi n'cha dipatimenti yawo. Dziwe losambiramo pakolejipo panalibe, choncho m'mawa tinkapita ku Mwenilondo. A Msukwa ankabwereka bwato n'kukhalamo ndi chipewa chawo chachikulu, ife n'kusankha nsonga imodzi ya mapiri akutsidya ku Tanzania n'kumailondola. Kuwerenga mtunda kunalibe. Akaona kuti zakwana, ankamenya bwato ndi nkhafi, gu, gu, gu, ndipo pansi pamadzi phokoso limenelo silimvekera m'makutu, limamvekera pachifuwa. Ukalimva umaima. Usanalimve umangopita. Ankatiuza kuti tikalowa m'madzi tizisiya mitu yathu kumtunda pamodzi ndi nsapato, iwo ndiwo aziganiza.

Lamulo limenelo palibe amene analisunga kuposa ine. Ndikangoviika nkhope, maganizo ankanyamuka ulendo wawo. Nthawi zina ndinkaganiza za munthu wakalekale uja amene mafupa ake anawafukula ku Uraha, ngati nayenso ankabwera kunyanja m'mawa, ngati ankadziwa kusambira kapena ankangoima m'mbali n'kumadabwa. Nthawi zina ndinkamanga nyumba m'mutu, kuyambira maziko mpaka malata, n'kuikamo mkazi amene ndinali ndisanakumane naye. Manja ankagwira okha ntchito. Nkhafi ikalira ndinkadzuka ngati munthu amene wagona pabasi n'kupitirira siteji yake.

Vuto langa lina ndi mabuku. Ndimawerenga chilichonse chomwe chagwa m'manja mwanga, ngakhale pepala lokulungira zitumbuwa. Tsiku lina pamsika ndinatola buku lopanda chikuto pamulu wa mabuku akale, ndipo mkati mwake munali zithunzi za mmene akatswiri amatembenukira akafika pakhoma la dziwe. Saima ayi. Amadzipinda mutu pansi, miyendo n'kudutsa pamwamba, n'kuponda khomalo ndi mapazi onse, n'kuchoka ngati muvi. Ndinayang'ana zithunzizo mpaka zinayamba kuyenda. Ndinayesa pamatilesi ku hostelo, khosi n'kundiwawa mlungu wonse. Ndinayesa m'nyanja, koma nyanja ilibe khoma, ndiye ndinkangoponda madzi ngati chule wosokonezeka. Nditayesa kuponda bwato, chipewa cha a Msukwa chinagwera m'madzi iwo n'kutsala pang'ono kuchitsatira, ndipo anandiuza m'Chitumbuka chosabisa kuti ndikadzabwerezanso ndidzabwerera kukoleji wapansi. Choncho luso langalo linangokhala m'thupi, likudikira khoma.

Kenako tinaitanidwa ku mpikisano wa makoleji ku Lilongwe. Kwa Ambokile unali mwayi woyamba komanso wotsiriza, chifukwa ankamaliza sukulu chaka chomwecho. Komanso ku Lilongweko kunali Lughano, chibwenzi chake, yemwe ankaphunzira unamwino. Lughano anakulira ku Chitipa, kumapiri, ndipo anali asanamuonepo Ambokile akusambira. Ankangomva pafoni, ndipo ife amene tinkagona chipinda chimodzi ndi Ambokile tikhoza kuchitira umboni kuti ankamva zambiri. Mnyamata ameneyo kumtunda anali wachibwibwi pang'ono ndi wamanyazi, woyenda ngati miyendo anachita kubwereka. Ankafuna kuti mtsikanayo amuone kamodzi kokha pamalo pamene iye anali munthu wathunthu.

Tinanyamuka pa lole ya koleji yomwe masiku onse inkanyamula matabwa. Tinakhala kumbuyo pa mabenchi omwe ndinakhoma ndekha, pakati pathu pali poto wa mbalagha amene amayi a Tuntufye anatiphikira, nthochi ndi nyama, womangidwa ndi chitenje. Msewu unali wokoma mpaka tinafika pa chitunda cha Chiweta. Pamenepo lole inayamba kutsokomola, kenako inawira. A Msukwa anatsika n'kunena kuti injini ndi mipope basi, iwo aithana nayo. Anyani anatizungulira n'kutiyang'ana tikudya mbalagha yomwe inayenera kukafika ku Lilongwe. Tinagona ku Mzuzu pa mabenchi a tchalitchi china, ndipo pamene tinkafika pamalo a mpikisano tsiku lotsatira, dzuwa linali litapendeka kale. Mipikisano ya mmodzimmodzi, kumene Ambokile akanawala yekha popanda ife kumulemera, inali itatha. Unatsala umodzi wokha, wolandizana anthu anayi, aliyense kupita ndi kubwera.

Ine ndinali ndisanaonepo dziwe lotero. Madzi ake anali odekha phee, obiriwira ngati thambo la m'mwezi wa Juni, ndipo pansi pake pankaoneka matailosi onse ndi mizere yakuda yowongoka. Panalibe funde, panalibe ndere, panalibe kansomba kokujompha chala. Ndipo uku ndi uku kunali makoma, enieni, osalala, oti munthu n'kuponda.

A Msukwa anatisonkhanitsa pambali. Anati ayambe Yusufu, kenako Tuntufye, kenako ine, Ambokile amalize. Anali atamva kuti gulu lina linachotsedwa m'mawa chifukwa munthu anadumpha mnzake asanafike, ndiye anamugwira Ambokile paphewa.

“Iwe usadumphe mpaka uone dzanja lake lakhudza khoma. Dzanja. Osati mutu, osati chinachake. Wamva?”

“Ndamva, sala.”

Inenso anandiuza kuti kupita ndi kubwera, basi. Ndikunena izi kuti a Msukwa asadzanamiziridwe. Anandiuza, ine n'kugwedeza mutu, koma maso anga anali pakhoma lakutsidya.

Lughano anali atakhala pamzere wakutsogolo, atavala diresi yachikasu, pamiyendo pake pali thaulo latsopano lopindidwa bwino lomwe anamugulira Ambokile. Ambokile anamuyang'ana kamodzi n'kuyang'ana pansi.

Wezulo inalira. Yusufu anapita n'kubwera ngati kuli moto kumbuyo kwake. Tuntufye anagunda chingwe chakumanja, n'kukagunda chakumanzere, n'kubwerera chakumanja, koma mphamvu zinamupulumutsa. Pamene ankakhudza khoma tinali pakatikati, ena kutsogolo ena kumbuyo, malo oti Ambokile akanawakonza mosavuta. Ndinadumpha.

Abale, pansi pamenepo panali pokoma. Phokoso lonse la anthu linatsekeka ngati wina watseka chitseko. Kuwala kwa dzuwa kunkavina pa matailosi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaona chithunzithunzi changa chikusambira pansi panga, manja akutambasuka, chikuyenda nane limodzi mwaulemu. M'nyanja munthu sudziona. Ndinaganiza kuti, kodi ndimaoneka chonchi? Khoma linabwera. Sindinaganize kanthu, thupi linangodzipinda lokha, thambo linadutsa pansi pa mapazi anga, ndipo mapaziwo anapeza chinthu cholimba chomwe anakhala akuchifuna miyezi yonseyo. Ndinachoka ngati wina wandiponya. Zinali ndendende ngati m'buku, mwinanso kuposerapo, chifukwa m'buku simunalembedwe kuti thovu limakutsata ngati mikanda.

Pobwerera ndinkaganiza za nyumba yanga ija, kuti kumbuyo kwake ndidzakumbe dziwe, laling'ono chabe, lokhala ndi makoma abwino. Kutsogolo pamwamba pa madzi ndinaona chinthu chachitali chitawerama, chikugwedezeka ngati kakowa wodikira nsomba. Anali Ambokile. Ndinamuona ndithu. Koma nkhafi inali isanalire, ndipo khoma linali pomwepo, ndiye thupi linadzipindanso, mapazi n'kuponda, ine n'kumapita.

Zomwe zinachitika kumtunda ndinachita kuuzidwa. Akuti Ambokile anali atawerama kale mpaka zala kumapazi, ndipo pamene anaona zidendene m'malo mwa dzanja anapalasa mphepo ndi manja onse, Tuntufye n'kumugwira kabudula kumbuyo. Akuti Yusufu anathamanga m'mbali mwa dziwe akundikuwira m'Chichewa, Tuntufye m'Chinkhonde, a Msukwa m'Chitumbuka, ndipo mayi wina wosatidziwa n'komwe anathandizira m'Chingerezi. Akuti nditabweranso Ambokile anaweramanso, ine n'kumuonetsanso zidendene. (Yusufu amati kachitatu ndinachita bwino kwambiri kuposa maulendo ena onse, ndipo ndimamuthokoza chifukwa cha chilungamo chakecho.)

Ine m'katimo ndinaona kuti madzi adekha, mizere yakumbali kwanga mulibenso miyendo ya anthu. Ndinaganiza kuti ndawasiya onse kumbuyo. Ndinamva chisoni pang'ono chifukwa cha iwo, ana a m'tauni, ndipo ndinaganiza kuti tikamaliza ndikawagwire chanza mmodzimmodzi.

Bambo woyendetsa mpikisano anaimba wezulo mpaka anatopa. Pomaliza a Msukwa anaona mtengo wautali wochotsera masamba m'dziwe uli pakhoma. Anautenga n'kumenya makwerero achitsulo olowera m'madzi, gu, gu, gu. Ndinalimva pachifuwa. Ndinaima pomwepo pakati pa dziwe n'kudzutsa mutu, ndikumwetulira.

Magulu ena onse anali atatuluka kale, ena atavala ndi majuzi. Anthu anayamba kuseka, ena kuomba m'manja, mwana wina anafunsa mokweza ngati bambo ali m'madziyo akupita kwawo. Ndipo pa kachitunda kodumphirapo panali Ambokile, ataima chilili tsopano, manja ali lende, thupi lonse lili mbuu ndi fumbi la pa lole. A Msukwa anachonderera kuti Ambokile amulole asambireko ngakhale yekha, koma bambo wa wezulo anati gulu lathu lachotsedwa, ndipo ana a sukulu ina akudikira madziwo.

Ndinatuluka madzi akuchucha thupi lonse. Lughano anabwera ndi thaulo lake. Anayang'ana Ambokile kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuyang'ana ine, milomo yake ikulimbana ndi kuseka.

“Nanga poti wanyowa ndi uyu,” anatero, n'kundipatsa ine thaulolo.

Ndinalilandira ndi manja awiri. Sindinadziwe chochita china.

Ambokile sanandikalipire. Zikanakhala bwino akanatero. Ulendo wonse wobwerera anakhala kumapeto kwa benchi akuyang'ana msewu ukuthawira kumbuyo. Ndinamugulira chimanga chootcha pa Jenda, anachipereka kwa Tuntufye. Ndinayamba kupepesa, iye anangoti “Pole,” pepa wa ku Karonga, ngati amene wagwa tsoka ndine. Tinagonanso ku Mzuzu, m'mawa n'kutsika Chiweta, nyanja n'kutitsegukira yonse pansi pathu ili phee.

Titafika pa Sangilo, dzuwa lili pamutu, Ambokile anamenya denga la lole kuti iime. Anatsika n'kulowa kanjira kopita kunyanja osayang'ana m'mbuyo, ife n'kumutsatira pakati pa matandala oyanikapo usipa, amayi akutipatsa moni ife n'kumayankha mwachidule. Pagombe panali mwala waukulu wolowera m'madzi. Anavula malaya n'kukwera pamwamba pake, kenako anandiloza.

“Lowa, mnyane,” anatero, kutanthauza mnzanga. “Uyambire uko. Ubwere udzagwire mwala uwu.”

Ndinalowa ndi thalauza yomwe. Ndinasambira mutu uli pamwamba, maso ali pa iye, ngati galu wowoloka mtsinje. Nditafika ndinamenya mwalawo ndi chikhatho mpaka chinawawa, ndipo mthunzi wake unadutsa pamwamba panga n'kulowa m'madzi popanda ngakhale kuthovoka.

Tinaima pamchenga n'kumamuonerera. Asodzi omwe ankasoka ukonde pansi pa mtengo anasiya kusoka. Ankapita molunjika, dzanja limodzi kenako linzake, mosafulumira, mpaka mutu wake unasanduka kadontho pakati pa kunyezimira. Yusufu anafunsa a Msukwa ngati abwereke nkhafi kwa asodziwo kuti amuitane. A Msukwa anakonza chipewa chawo n'kunena kuti timusiye, gawo lake latalika chifukwa lachedwa.

Lughano sanazione zimenezo. Anakwatirana ndithu ndi Ambokile, ali ndi ana awiri, ndipo mpaka lero mayiyo amauza alendo kuti amuna ake ndi katswiri wosambira malinga ndi zomwe anthu amanena.

Ndikanakonda kukuuzani kuti kuyambira pamenepo ndinaphunzira kumvetsera akamandiuza pothera ntchito yanga. Manyazi ndimachita, makamaka ndikapita kwawo kukacheza. Koma ndikakhala ndekha m'shedi ndikupala thabwa, nkhaniyi ikandibwerera, sindiyamba kukumbuka Ambokile ali chilili ndi fumbi lake. Iyeyo amabwera pambuyo pake. Ndimayamba kuona khoma lija likubwera m'madzi obiriwira, mapazi anga n'kuyamba kunyerenyetsa, ndipo ndikadzazindikira ndimapeza thabwa la mwiniwake ndalipala mpaka latsala ngati chikuto cha kope.