Mzere wa ba Twaha

Ku Chawama, mu Lusaka, aliyense ankadziwa kuti ba Twaha sankamwa ngakhale tiyi popanda chisankho. Matendawa anawagwira chaka chimene zipani zambiri zinabwerera m'dziko. Anaponya voti kamodzi, n'kumva kukoma, osachiranso. Akazi awo, ba Kulthum, akafunsa za ndiwo, iwo ankasonkhanitsa ana onse: "Ofuna kapenta, manja m'mwamba!" Ntchito yawo inali yokhoma mbaula ndi zidebe, monga bambo awo amene anachokera ku Mangochi, ndipo wogula ankadikira kuti odutsa m'njira avote kaye ngati chogwirira chakhala bwino. Chodabwitsa n'chakuti mkuluyu sankapambana. Kapenta wawo ankagonja kwa nyemba tsiku ndi tsiku, iwo n'kuwomba m'manja: "Anthu alankhula!"

Ketty anawapeza ku Shibukeni, sukulu ya akuluakulu ya kopaletivu. Mtsikanayu anali atangobwera kuchokera ku Mangalande ndi satifiketi yonyezimira, n'kupeza makampani akutsekedwa motsatizana. Potopa ndi kukhala pakhonde, anavomera kuphunzitsa. Kalasi inali chipinda chimodzi cha mabuloko: uku mabenchi, uko nkhuku za kopaletivu, pakati waya.

"Seveni kuphatikiza eyiti?" anafunsa tsiku loyamba.

"Ba ticha, tivote."

"Ba Twaha, masamu sitivota."

"Ah! Manje mwatibwezera chipani chimodzi?"

Anavotadi. Sikisitini inapambana. Ba Twaha, amene anati fifitini, anafufuta yankho lawo mwansangala n'kulemba la ambiri. Ketty analuma choko.

Komabe mkuluyu sankajomba. Korani ankaiwerenga ngati madzi kuyambira ku madrasa, koma papepala lovotera ankangosankha chithunzi. "Ndifuna ndidzawerenge dzina ndekha," ankatero, "ndimudziwe amene akundinamiza."

Ndiye kunadza ba Norah, mkulu woyang'anira nkhuku. Amuna awo anali atachotsedwa ntchito, nkhuku zikuyenda malonda.

"Ba ticha, musakalipe," anatero pamsonkhano, "koma a-e-i-o-u sitidya. Mabenchi yachoke, nkhuku zidzaze mu rumu monse."

Ketty anayang'ana nkhope za anthu n'kuona kuti sukulu yatha. Mumtima anayamba kale kulongedza chikwama.

"Tivote!" anakuwa ba Twaha. "Koma osati ya manja. Manja amanama, wina amangokanda m'khwapa. Ya mzere! Aliyense aime kumbuyo kwa amene akumufuna."

Ba Norah anaima pafupi ndi waya, ndipo chipinda chonse chinakhamukira kumbuyo kwawo, ba Kulthum ali patsogolo. Ba Twaha anasowa poponda, n'kutuluka kukaima panja, mphuno itayang'ana chitseko. Kumbuyo kwawo kunali Ketty ndi amayi awiri okalamba, madengu ali m'manja.

Chimene Ketty anaiwala ku Mangalande n'chakuti anthu a mu Lusaka anakulira pamzere. Zaka za kusowa kwa zinthu zija lamulo linali limodzi: ukaona mzere, ima, chogulitsidwa ukachidziwa kutsogolo. Masitolo tsopano anali odzaza, koma miyendo inali isanaiwale.

Woyamba anali ba Blackson, kondakitala wa basi wopanda basi.

"Ni saladi yochipa?" ananong'oneza, maganizo ali pa mafuta ophikira.

"Imani chabe, muzaona," anayankha mmodzi wa amayi aja.

Anaima. Kunabwera wina ndi botolo, wina ndi thumba. Mzere unadutsa kantemba kogulitsira zinthu, kuzungulira mpopi, kulumpha ngalande, mpaka pamsika. Pampopi ankati ndi shuga. Kumsika ankati akulemba ntchito. Wometa tsitsi anafika ndi kasitomala wake, mutu uli theka.

Ba Norah atasuzumira panja anagwira pamtima. "Awe! Aba si mamemba!"

"Zoona, mlongo wanga," anavomera ba Twaha. "Tivote. Ofuna kukhala mamemba, manja m'mwamba!"

Manja anakwera ngati chimanga cha m'dimba, pakuti ndani sadziwa kuti mamemba ndiwo amayamba kugula?

Mizere iwiri ija itawerengedwa, sukulu inapambana. Ba Twaha anatuwa, n'kuvula kofia, n'kuivalanso.

"Ba ticha, muwerengenso. Pali chinyengo apa. Ine sindiwina."

"Mudala, saladi ili kuti?" linakuwa khamu.

Ketty, amene anali asanasekepo chibwerereni, anatenga bokosi la choko, misozi ya chiseko ili mbwee, n'kuyamba kugawa kachidutswa kachidutswa. Ambiri anachoka akutukwana mu Chinyanja ndi mu Chibemba. Ba Blackson anati waima nthawi yaitali, sangapite chimanjamanja, n'kulowa kukakhala pabenchi. Ena anawatsatira. Mamemba atsopanowa ndiwo anamangira nkhuku khola kuseri, ndi malata otsala a ba Twaha, ndipo ba Norah anakhululuka nkhuku zitachuluka.

Ba Twaha kuwerenga anakudziwa, ndipo Chawama inavutika. Chikwangwani chilichonse ankachiwerenga mofuula, cha zovala za salaula, cha ng'anga yobweza amuna othawa, cha "osakodza pano", atagwira malaya a aliyense amene wayandikira kuti achitire umboni. Koma chisankho chotsatira sanachione. Chifuwa chinawatenga nyengo yozizira, zithunzi za opikisana zitangoyamba kumatidwa m'makoma. Mayina onse anali atawawerenga kale, n'kuwauza ba Kulthum kuti palibe amene wawakhutiritsa. Anaikidwa tsiku lomwelo, monga mwa Chisilamu.

Sukulu ikadalipo, ndipo Ketty, amene ankati angokhala miyezi yochepa, akadali pa bolodi. Misonkhano ya kopaletivu masiku ano imatha msanga. Ba Norah akanena, onse amangoti zili bwino, n'kuimirira. Koma sachoka. Amazengereza pakhomo, wina kukonza chitenje, wina kugwedeza fumbi ku nsapato, dzuwa likadali pamutu, osadziwa kuti tsiku lonseli apite nalo kuti.