Boti la Amake Dorika

Lolemba

Chiperoni chagwa. Phiri silikuoneka, fakitale ikungomveka kulira kwake.

Loweruka likudzali ine ndi amake Dorika tikwanitsa zaka makumi asanu tili m'banja. Ndikulemba pano zimene ndatsimikiza, kuti ndisadzabwerere m'mbuyo: ndiwakweza boti.

Lonjezo limeneli ndi lakale. Ndinalipereka ndili mnyamata wokonza mainjini a maboti kunyanja, iwo ali kuno kwawo akuthyola tiyi. Ndinkati patchuthi ndidzakutengani. Patchuthi panapezeka denga lofuna kufolera. Kenaka Dorika, kenaka ana ena, kenaka ntchito ya ufitala kufakitale kuno mpaka kupuma. Iwo sanandikumbutsepo. Koma tsopano maso awo achita ng'ala. Lakumanzere latha, lakumanja likutsatira. Ngati ati aone madzi ali pamwamba pake, ndi chaka chino.

Kunyanja n'kutali, ndipo mawondo awo sangapirire basi. Koma padamu la esiteti pali boti la injini ya dizilo limene ankachotsera namasupuni. Lagona pamitengo kumtunda kwa nthawi yaitali. Ndavala jekete ndi tayi, ndapita kwa a manijala, mayi wachichepere wa ku Rumphi, waulemu ndithu ngakhale amayankhula akuyang'ana foni. Ati: "Mukalidzutsa, madala, kwerani. Amakanika athu analilephera." Sindikudabwa. Ndi amakanika a mathirakitala.

Dongosolo:
Lachiwiri, mafuta ndi batire.
Lachitatu, kuliza injini.
Lachinayi, kuyesa pamadzi.
Lachisanu, kupenta ndi kupuma.
Loweruka, ulendo.

Mlonda wa padamu, a Mulipa, bambo wa msinkhu wanga, adzipereka kuthandiza. Ndawapatsa ntchito yosafuna maphunziro: atenge phula ndi zikhomo, ayang'ane pansi pa boti, bowo lililonse atseke. Ndabwereza kawiri kuti amve bwino. Lililonse.

Kunyumba sindinene kanthu mpaka tsikulo.

Lachiwiri

M'boti mulibe batire. A Mulipa akuti linabwerekedwa kukaimbitsa nyimbo paukwati wina, silinabwerenso. A manijala alola kuti tizitenga la thirakitala ikamaliza kututa nkhuni za kufakitale, ndipo lizibwerera madzulo. Likuyenda pawilibala, lofunditsidwa thumba, ngati wodwala.

Ndatsegula thanki. Zimene ndapezamo:
madzi,
matope akuda ngati tiyi wotsala pansi pa ketulo,
dizilo pang'ono, wokhala ngati mlendo.

Polowera mpweya ndapezapo chisa cha mavu. Eni ake analipo.

Thanki ndatsuka ndi dzanja lamanzere. Fyuluta yakale yaola, koma ya thirakitala yakwana, chinthu chimene sindikufuna kuti amakanika aja amve. A Mulipa atsala pansi pa boti tsiku lonse, akugogoda ndi kuimba nyimbo ya Chilomwe. Potuluka, phula mpaka m'ndevu, ati: "A Fitala, ngakhale nyerere singalowe." Ndawayamika. Munthu wokhulupirika pa zazing'ono.

Amake Dorika agwira dzanja langa lotupa, alipapasa nthawi yaitali. Ndawauza kuti ndikuthandiza ntchito ina ya kampani, zomwe si bodza. Ati: "Kampani yayamba kuluma." Andipaka anyezi.

Lachitatu

Kuzizira koopsa. Dizilo sakonda chiperoni, ine ndimodzimodzi.

Pamalo ogulitsira mafuta palibe dontho. A manijala atumiza chigubu chimodzi ndi uthenga wakuti china sichibwera.

Mphunzitsi wanga kunyanja ankati injini ya dizilo ndi nyama yosavuta: ipatseni mafuta oyera ndi mpweya, koma ziwirizi zisakumane m'paipi. Zathu zakumana. Choncho m'mawa wonse ndi wochotsa mpweya. Ine ndikumasula nati, a Mulipa akupopa kapampu ndi chala chachikulu, thovu likutuluka, ndikumanga, tikuyesa. Thovu likubweranso. Tikuyambiranso.

Masana odulira tiyi atsika m'munda ndi mipeni yawo, akhala paudzu kudya chinangwa ndi kutionerera. Malangizo amene ndalandira popanda kupempha:
"A Fitala, tiikankhe? Minibasi imadzuka tikatero."
"Ya kuchigayo kwathu timangoimenya ndi mwala apa."
"Mwina ikufuna pemphero."
Ndapitiriza kumasula nati. Ulemu umafuna kuti munthu adziwe nthawi yokhala chete.

Wolakwa ndamupeza: kawashala ka mkuwa kouma, kolowetsa mpweya. Ndakawotcha pambaula ya a Mulipa mpaka kufiira, kafewa, kagwira. Luso limeneli achinyamata salidziwa. Tathira madzi otentha pamutu pa injini, ndatembenuza kiyi. Yakhosomola kawiri monga amachitira a dikoni asanayambe zolengeza, yatulutsa utsi woyera, yaganiza, yakhala chete. Nthawi yomweyo woyendetsa thirakitala wafika ndi wilibala kudzatenga batire lake.

Tayi yanga yamira mu oilo. Ndi ija ya paukwati wa Dorika.

Lachinayi

Odulira tiyi athandiza kukankhira boti m'madzi. Layandama. Ndayang'ana pansi ponse, palibe dontho. Ndagwira a Mulipa chanza pamaso pa anthu.

Kiyi. Yalira! Yalira mokoma, mosadodoma, ngati inangogona dzulo. Anthu aomba m'manja, amayi ena alulutira. Ndaona kuti ndi bwino kuti ndinenepo mawu ochepa, ndipo ndaimirira m'boti kufotokoza kusiyana kwa injini ya pamadzi ndi ya pamtunda. Ndinali ndisanafike pakati pamene mayi wina anafunsa kuti: "Kodi pali amene akuwotcha nsapato?"

Ndazimitsa. Chitsulo chikutentha moti malovu akulira.

Ndilembe mwadongosolo, ngakhale zikuwawa. Injini ya boti ilibe redieta ngati ya thirakitala. Imamwa madzi a m'damu momwemo kudzera pabowo lopangidwa dala pansi pa boti. Chimene chimakoka madziwo ndi kagudumu ka rabala kokhala ndi timapiko, kotchedwa impela. Akazungulira m'injini, madzi amalavulidwa kumbuyo pamodzi ndi utsi. Phunziro loyamba kunyanja linali lakuti injini ikalira, usayang'ane anthu, yang'ana kumbuyo ngati ikulavula. Ine ndayang'ana anthu.

Ndatsegula pampu. Impela yapsa, timapiko tayoyoka ngati nyenyeswa za chigumu. Ndavula jekete, ndapinda malaya, ndapisa dzanja m'madzi ozizira pansi pa boti. Pabowo la madzi pali chikhomo cha bulugamu, chosemedwa mwaluso, chomatidwa phula.

A Mulipa ati, monyadira: "Limenelo ndiye linandivuta, a Fitala. Lozungulira bwino, la mkuwa m'mbali. Ndinati mayi akukwera, ndipo sadziwa kusambira."

Munthu wobadwira m'phiri akaona bowo pansi pa boti, atani? Ndipo ndani anati lililonse? Ndani anabwereza kawiri? Ndawathokoza chifukwa choganizira mayi. Azindikira okha pambuyo pake, akhala pachitsa, avula chipewa. Kuchotsa chikhomocho kwatitengera mpaka dzuwa kupendeka. Anachikhoma ndi mtima wonse.

Lachisanu

Tsiku lopenta ndi kupuma, malinga ndi dongosolo.

Ndakwera kabaza wa njinga yamoto, impela yopsa ili m'kampango m'thumba la jekete. Mnyamatayo akuyendetsa ngati akuthawa mvula ya matalala. Ndamuuza kuti sindikufulumira kukaonana ndi Mlengi wanga.

Ku Makwasa, wogulitsa zitsulo waitembenuza, wainunkhiza, wafunsa kuti ndi ya njinga yanji. Ku Masambanjati, wa hadiweya wandionetsa rabala wa mpope wa pachitsime, kenaka wa mpondero wothiririra, kenaka mabuleki. Wina wanena zoona: "Zimenezi ndi za kunyanja, madala. Kuno boti mwalitenga kuti?"

Pobwerera ndaima pansi pa mtengo wa mbawa pamene pamakhala osoka nsapato, kuti andimatire chidendene. Aona kampango, afunsa, ndafotokoza. Ayang'ana kanthuko, atenga chidutswa cha tayala la lole ndi mpeni wonola pamwala. Ati: "Masilipasi anga amakwera phiri ili zaka ndi zaka. Kakang'ono aka kangandikanike?" Asema, ayerekeza, asemanso. Chimene chatuluka chikufanana ndi impela monga mwana amafanana ndi amalume ake.

Mphunzitsi wanga akanandithamangitsa ntchito. Ndaimanga.

Madzulo tayesa. Ikulavula. Osati mwamphamvu, koma ngati nkhalamba yopanda mano. Ndazimitsa msanga kuti isathe isanagwire ntchito yake.

Kunyumba ndapeza chitenje chatsopano chositidwa chili pampando. Amake Dorika ati: "Mawa ndivale nsapato ziti? Akuti m'boti mumaterera." Ndafunsa kuti akutero ndani. "Esiteti yonse, bambo a Dorika. Maso ndiwo anafa, mphuno ilipo. Mumayesa dizilo sanunkha?"

Loweruka

Chiperoni chachoka. Kumwamba kuli mbee, damu lili phee ngati mbale ya galasi.

Ndinafuna mwambo wa anthu awiri. Pagombe papezeka odulira tiyi, amayi a mvano, Dorika ndi ana ake, amakanika a mathirakitala atapinda manja, ndi a manijala atanyamula jekete yoyandamitsa munthu pamadzi, yofiirira ngati papaya. Amake Dorika aivala pamwamba pa chitenje. Ine ndi a Mulipa tawakweza, wina mkono uwu wina uwu. A Mulipa atsala kumtunda, chipewa pachifuwa.

Kiyi. Yalira ulendo woyamba. Tanyamuka.

Ndivomereze kuti sindinaone nkhope yawo pamene timachoka pagombe. Maso anga anali kumbuyo, pamadzi olavulidwa. Ikulavula. Ikulavula. Ikudontha. Pakati penipeni pa damu, yasiya.

Ndazimitsa nthawi yomweyo. Ulendo uno sindinachedwe.

Zii. Nkhafi mulibe. Sizinali pa dongosolo.

Ndayamba kufotokoza za tayala la lole ndi kupepesa. Amake Dorika akweza dzanja: "Takhalani chete kaye." Atembenuza mutu kuti diso lamanja liloze kuphiri, kumene tiyi watsika mizeremizere mpaka kumadzi. Ayang'ana nthawi yaitali.

"Uwo si munda wa Seveni?"

Ndati ndi womwewo, munda wa nambala seveni umene ankathyolamo tiyi.

"Ndiye n'ngotsetsereka chonchi? Moyo wanga wonse ndinkangoona masamba a patsogolo panga ndi msana wa mnzanga. N'chifukwa chake mawondo anatha." Aseka mpaka boti kugwedezeka. Kenaka aloza mtengo wa mthunzi kumtunda: pamenepo ndi pamene ankagoneka Dorika ali khanda, n'kumathamangirako kapitawo akatembenuka. Uko ndi koyezera masamba. Njira iyo ndi imene ndinkatsikira ine ndikabwera patchuthi, ndi sutikesi pamutu ndi nkhani za maboti. Zina akuona, zina akukumbukira, sindikusiyanitsa. Aviika dzanja m'madzi, adzipaka kumaso.

"Kunyanja kunalinso chonchi?"

Ndati kunali kwakukulu.

"Kwandikwana kuno."

Kumtunda kuli chipwirikiti. Amakanika athamangira thirakitala kuti atikoke ndi chingwe, koma batire lake lili pansi pa mapazi anga. Kamphepo katikankha pang'onopang'ono mpaka m'bango la tsidya lina, ndipo odulira tiyi alowa m'madzi a m'chiuno kutikoka ngati ng'ombe yogwa m'dzenje, amayi a mvano akuimba nyimbo ya ulendo wa ana a Israeli. Wina wafuula: "A Fitala, tinati tiikankhe, munakana!"

Mawu amene ndinakonza kuti ndiwauze pakati pa madzi ali m'thumba la jekete, osanenedwa.

Lamulungu

Batire labwerera kwa eni ake. Boti labwerera pamitengo yake. Ndatsegula pampu m'mawa ndisanasambe: impela ya tayala yasanduka phala lakuda. A manijala akuti akafunsa ku Blantyre za yeniyeni, mwa mawu a munthu amene sadzafunsa. A Mulipa andipatsa chikhomo chija kuti ndisunge. Chikukwana bwino pakamwa pa chigubu cha madzi.

Pa dongosolo lonse la Lolemba, kupenta kokha ndiko sikunandichititse manyazi, popeza sindinakuyambe. Dzanja likadali lotupa, tayi sidzayeranso, ndipo ana a panjira akandiona akumalira ngati injini n'kukhosomola. Ndili ndi zaka zokwanira kupirira.

Titatuluka m'tchalitchi, amayi azungulira amake Dorika pakhomo. Ndaima pambali ndi ndodo yawo, ndikumva. Amake Dorika akuti: "Tafika pakati, bambo anazimitsa injini dala, kuti ndione bwino munda wanga popanda phokoso. Amuna a masiku ano angaganize zimenezo?"

Ine ndakhala mlembi wa mpingo uno kwa nthawi yaitali, ndipo sindinalolepo mawu olakwika kudutsa osawongoledwa. Ndakonza pakhosi. Amake Dorika andiponda phazi, osatembenuka n'komwe, molunjika ndithu kwa munthu wosaona bwino.

Ndalingalira nkhaniyi masana onse. Injini ndinazimitsadi ndi dzanja langa, ndipo ndinazimitsa dala. Mbali imeneyo ndi yoona. Yotsalayo ndaisiya m'manja mwa amake Dorika.