Anakaba Kulira kwa Mota ya Baltazar

Nzeru yonseyi inabadwira pa baraka ina yomwerapo mowa ku Assumane, kachasu atafika m'maso.

"Anyamata, chuma chili m'phokoso," anatero Gércio, yemwe anzake ankamutcha Dotolo chifukwa anakhalapo mlonda pa chipatala.

Ankanena mota ya Baltazar, njinga yamoto yonyamula anthu ndi katundu. Mu Lichinga monse munalibe ina yolira choncho: pu-tu-tu-phwa! ngati mbuzi yotsamwa ndi chitsononkho. Amayi ogulitsa usipa wa ku Meponda akangoimva ankanyamula madengu, mota zina osaziyang'ananso. Baltazar anafika pokalembetsa kulirako kwa loya, n'kumalengeza kuti wotsanzira aliyense akaonana naye kukhoti.

"Ndiye tikabe kulirako, amayi onsewo akhale athu," anatero Dotolo.

"Kulirako kumakhala pati?" anafunsa Tiago, wotchedwa Kandodo.

"M'paipi ya utsi, mbuli iwe!"

Mawa lake masana, Baltazar ali pakati pometedwa, mnzawo wina, Stélio Sipanala, anagona pansi pa mota n'kumasula paipi. Kandodo anaitseka ndi chinangwa kuti kulira kusatayikire m'njira. Akatswiri!

Anakaimanga pa chiphakasa cha mota ya Dotolo. Kuiliza, chinangwa chinauluka n'kukagwetsa nkhuku ya eni ake. Mota inangoti fyoo, fyoo.

"Kwathawa ndi chinangwa," anadandaula Sipanala.

Dotolo sanatekeseke. "Kandodo, khala kumbuyo. Uzilira ndi pakamwa."

Analowa mu Namacula atakwerana atatu, Kandodo misempha ya m'khosi ili gwa: "Pu-tu-tu-phwa! Pu-tu-tu-phwa!" Amayi a usipa anagwirana mapewa ndi phwete. Pa mphambano wapolisi anakweza dzanja.

"Mlandu wanu mukuudziwa?"

Dotolo anatsika, n'kukonza kolala. "Shefe, malamulo ndimawadziwa ine. Kulira kwa a Baltazar sitinakukhudze. Uku ndi kwa pakamwa pa mnzathuyu, anabadwa nako. Ife tangotenga paipi basi."

"Paipi yanji?"

"Iyi, Shefe," Sipanala analoza monyadira. "Ndamasula ndine. Mabawuti ake awa m'thumbamu."

Wapolisi anavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Ine ndakuimitsani chifukwa mwakwerana atatu."

Mota inakana kulira. Anayamba kuikankha kulowera kupolisi, wapolisi ali pambuyo, ana a sukulu akulondola. Atayenda pang'ono, Kandodo anacheuka mwaulemu.

"Shefe, pepani. Ndizilirabe kapena ndisiye?"