Mbale ya Madontho Atatu

Lolemba
Basi, ndatsimikiza. Masamusa a pachikwati cha mwana wa a Nangozo ndikazinga ndine. Komiti ikumana Loweruka kuti isankhe wophika, ndipo ndatopa kumva "Abiti Yusufu, Abiti Yusufu," ngati pa Linthipe pano palibenso wina wodziwa kupinda samusa. Mayiwo zaka zonsezi amangokhala pansi pa mtengo ndi beseni lawo, kafoni kawo n'kamabatani. Ine yanga ndi yamakono, yojambula! Zofunika n'zitatu basi: bandulo, chithunzi chogwetsa malovu, mawu okopa. Bambo a Chisomo akuti, "Malonda ndi pakamwa, mayi." Ndawauza kuti zapakamwazo n'zakale, adye agone.

Lachiwiri
Ndakazinga khumi oti ndijambule. Zotsatira zake:
anayi aphulika,
atatu apserera,
otsalawo akuoneka ngati makutu a galu.
Kukoma akukoma, koma foni silawa. Ndiye ndachita kanzeru. Ndapita kwa Abiti Yusufu kukanamizira kuti kwathu kwagwa alendo mwadzidzidzi. Andiikira asanu m'mbale yawo yamaluwa, ndi basela pamwamba. "Mbaleyo mubweza mukapeza mpata, anzanga." Ndajambulira pakhonde, phiri likuoneka chapatali. Pansi pake ndalemba kuti: MASAMUSA A M'MANJA MWANGA, ODANI LERO! Mulungu andikhululukire, komatu bodza lenileni palibe. Anali m'manja mwanga ndithu, ndinanyamula mbaleyo ndine.

Lachitatu
Sitetasi yanga yaonedwa ndi Linthipe yense! Chithunzi ndaponyanso pagulupu ya mphakati, ya banki m'khonde, ya makolo akusukulu, ndi ya zamaliro yomwe. Imeneyo ndi ngozi, ndapepesa. Mauthenga ali mbwee: "Eee, koma ndiye akuoneka bwino!" Msuweni wanga wa ku Kasina watumiza tizithunzi tamoto titatu. Wooda sanapezekebe, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. A Nangozo aona m'mamawa, sanalembe kanthu. Ndikudziwa, mtima ukuwagunda. Ndayamba kale kuganiza za chitenje chodzavala patsikulo.

Lachinayi
Zodabwitsa. Kwa Abiti Yusufu kuli mzere. Mzere, tsiku losakhala la msika! Dzuwa lisanafike pamutu beseni lawo lili mbee. Langa lili tho. Makasitomala anga a lero: kondakitala wa minibasi mmodzi, ndi bambo a Chisomo, amene angodya n'kupukuta kukamwa. Mayi wina wogulitsa kabichi wadutsa akumwetulira: "Mbale ija njokongola, mayi a Chisomo." Ndathokoza. Wina wa kachewere: "Inu ndiye mumatha kujambula." Ndathokozanso. Wachitatu wangondiyang'ana n'kubisa nkhope m'chitenje. Kodi bwanji aliyense akuyamikira mbale, osati za m'mbalemo?

Lachisanu
Mayo ine! Ndachikulitsa chithunzi chija ndi zala. M'mphepete mwa mbale muli madontho atatu a penti wobiriwira. Chizindikiro cha Abiti Yusufu! Kuno mayi aliyense amaika chizindikiro pambale zake kuti zisasokonekere pamaliro ndi pazikwati, ndipo madontho atatuwo palibe mzimayi amene sanawatsukepo, kuyambira pamsewu pano mpaka ku Chongoni. Changa ndi mtanda wofiira, nachonso amachidziwa. Maso anga anali kuti? Ndafufuta sitetasi, koma madzi akatayika saoleka. A Nangozo ayenda nayo kale nkhaniyi: kuchigayo, kumjigo, kusikelo ya ana. Pakamwa pa mayi amene uja sipafuna bandulo, ndipo netiweki yake siithawa ngakhale kutagwa chifunga. Manyazi andigwira. Pobwerera kunyumba ndalambalala msika, ndadzera m'minda ya anthu.

Loweruka
Komiti yakumana. Ine sindinapite, mutu. Alamu anga abwera ndi lipoti lonse, athiramonso mchere wawo. Akuti a Nangozo angoimirira n'kunena kuti, "Amayi, tivutikirenji? Ngati wopikisana nawo yemwe akukagula kwa Abiti, n'kujambula, n'kulengeza dziko lonse, ife ndife yani kuti titsutse?" M'manja! Nthungululu! Wina akuti wapempha kuti andipatse ntchito yojambula pachikwatipo, bola wina aziyang'anira kuti ndisajambule mkwatibwi wa eni ake. Zandiwawa, sindinama. Ndalira pang'ono kuseri kwa khitchini, kenako ndadya masamusa anga anayi. Akukoma, ndikulumbira. Makutu a galu, koma akukoma.

Lamulungu
Kutchalitchi ndakhala benchi yakumbuyo, ndatuluka nyimbo yotsekera isanathe. Masana ndatsuka mbale ija, ndaikulunga m'chitenje, ulendo kwa Abiti Yusufu. Njira yonse ndikukonzekera mawu olasa. Iwo kungondiona, aseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango.
"Alendo aja anakhuta?"
Ndati anakhuta.
"Anzanga, masamusa a chikwati ndi ambiri, manja anga awiriwa sakwana. Mubwere Lachisanu tidzasende anyezi. Foni ija musaisiye, yandiitanira anthu."
Ndavomera, nanga n'kutani. Andiikira awiri a panjira, m'mbale yomweyo, ndiye ndabwera nayonso kunyumba. Bambo a Chisomo ayang'ana madontho atatu aja, ayang'ana ine, atsegula pakamwa kuti ayambe zija za malonda. Ndapatseka ndi samusa.